Malata ndi Anga, Dothi ndi Lanu

Lizulu, Ntcheu
9 Malichi 1986

Mlongo wanga Fraser,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Nairobi, iwe, alamu anga a Deliwe ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mtima sunabwerere m'malo chiwaikire amayi m'manda mwezi wa Januwale. Telegalamu tinatumiza, iwe osabwera. Sindikufunsa chifukwa, ndikudziwa kuti pali zina zosalembeka m'kalata. Koma anthu ankafunsa, ndipo ine ndinatopa nako kukuyankhira.

Nkhani ndi ya ababa. Amalume a Davide ayamba kale kulankhula zowasudzula tikakolola. Akuti mwambo ndi mwambo, mkamwini mkazi wake akamwalira amamasulidwa kuti azipita kwawo. Zaka makumi anayi ndi zisanu ababa ali pamudzi pano! Njerwa za nyumba ija anaumba ndi kuotcha okha, malata ndi aja unawagulira iwe, koma dothi ndi la kwa amayi.

Tsono kwawo kwake kuti? Ukudziwa kuti kwawo kwa ababa ndi tsidya la msewu, ku Mozambiki, ndipo msewu wa tala womwewu ndiwo malire. Tsidyalo kuli nkhondo. Anthu akuwoloka tsiku ndi tsiku atasenza mapoto ndi ana, ndipo akuti mudzi wa agogo unatenthedwa chaka chatha.

Ndawauza kuti azigona kwa ine. Akuti, "Ndikagone m'nyumba ya mkamwini mnzanga? Ayi, Lizzie." Sakudya bwino. Amangozungulira nyumba, kugogoda zipupa ngati munthu wofuna kugula.

Uyankhe msanga, usachite zako zija zoyankha mwezi wachitatu.

Ndine mlongo wako,
Lizzie

Donholm, Nairobi
12 Epulo 1986

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu ndinaiwerengera m'matatu, minibasi za kuno, pochokera kuntchito, ndipo ndinapitirira potsikira mpaka kondakitala anachita kundigwedeza. Amayi ndinawalira, ndikuwalirabe. Za kusabwera kwanga tizisiye monga mwanenera.

Tsono tamverani, ndipo mukawauze ababa mawu ndi mawu. Asagwadire munthu aliyense. Ndikukumbukira ndili sitandade 4, amalume anawauza pamaso pa ife ana kuti, "Mkamwini salankhula za minda." Ababa anangovula chipewa. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti ine Fraser Ngozo sindidzamanga pa dothi la mwini.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ku bungwe kuno ndi yokatenga katundu ku doko la Mombasa, ndipo ndimakwera sitima kupita kumeneko miyezi iwiri iliyonse. Achemwali, ndapeza nyumba! Ili ku Kisauni, mukangowoloka mlatho kuchokera m'tauni. Zipinda zinayi, khonde lalikulu, chitsime kuseri, mitengo iwiri ya kokonati pabwalo. Mwini wake akusamuka. Mtengo wake ndi wotsika modabwitsa, kuno ku Nairobi ndalama imeneyo simungagulire ngakhale galaja.

Kontilakiti yanga ikutha pakati pa chaka chamawa, ndipo ndikufuna ndikakhazikike kumeneko, ndizikathandiza amalonda kutulutsa katundu padoko. Muno mu Donholm sindingawaitanire ababa, ndi fulati ya lendi, zipinda ziwiri, ana anayi. Koma ku Kisauni adzakhala ndi chipinda chawo, cha khomo lakelake lotulukira panja.

Ayambe kufunsira pasipoti.

Wanu,
Fraser

Lizulu
20 Meyi 1986

Fraser,

Tadzuka bwino, kaya inu. Kalata yako ndinawawerengera ababa kawiri. Mawa lake anameta ndevu, anadya n'kupempha zina, kenaka anapita kwa aphunzitsi kukabwereka mapu a Afirika. Akuyeza mtunda ndi kaudzu.

Koma ine ndili ndi mafunso, undikwiyire ngati ufuna, ndinakubereka kumbuyo ine. Bwanji osagula ku Ntcheu boma kapena ku Blantyre? Chabwino, mwina ndi zosalembeka zomwe zija. Koma chinthu chotsika mtengo chimandiopsa. Ngakhale mbatata pamsika wa Lizulu ikatsika, ndimaithyola kaye ndione mkati. Malire a malowo wakuonetsa ndani? Wafunsa kwa anthu oyandikana nawo?

Ndikuuzenso ichi. Amayi aang'ono a Emmie akhala akuwanyengerera amalume, ndipo afewa. Akuti ababa atapita kukakhala nawo pansi, atanyamula nkhuku, n'kupempha, adzawasudzula mwamwambo chabe koma n'kuwalola kukhala m'nyumba yawo mpaka imfa. Ine ndikuona kuti ndi njira yabwino. Nkhuku ndili nayo. Ababa akuti adikire mawu ako.

Lizzie

Donholm, Nairobi
30 Ogasiti 1986

Achemwali,

Moni wa chimwemwe! Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndilembe zinthu zitatheka. Nyumba ndagula. Onani chithunzicho, amene waima pakhonde atagwira m'chiuno ndi mlongo wanu uja mumamukayikira.

Mbatata yanu ndaithyola, mkati ndi moyera. Tinalemberana pepala pamaso pa mboni zitatu ndi mkulu wa deralo, mzee wina wa ndevu zofiirira amene aliyense amamulemekeza. Malire anandionetsa iye mwini ndi ndodo yake. Kumeneko kuli mwambo woti mwezi ndi mwezi nyumba iliyonse imapereka kangachepe kwa mzeeyu. Ndi ulemu chabe, monga nkhuku imene timapereka kwa amfumu akationetsa malo. Ine ndinachita kuwonjeza nkhuku yeniyeni kuti aone kuti Amalawi tinaleredwa. Anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kundigwira chanza ndi manja onse awiri.

Tchuthi cha ana takhala komweko masabata atatu. Kutentha kwake, achemwali, munthu umatuluka thukuta ukusamba. Mayi a ana akudandaula kuti madzi a pachitsime ali ndi mchere ndipo sopo sachita thovu. Mphepo ya kunyanja nayo imadya chitsulo, malata ndinawapeza atachita dzimbiri, ndiye ndakhoma atsopano denga lonse. Koma m'mawa ukakhala pakhonde, amayi akudutsa ndi nsomba zikuphiriphitha m'dengu, umadziwa kuti wafika. Ana ataona nyanja anakuwa. Wamng'ono uja analawa madzi n'kulira.

M'kapepala kali m'envulopumu ndakulungamo kiyi. Ndi wa chipinda cha ababa, muwapatse m'manja.

Za nkhuku ya amalume, ayi. Ababa avula chipewa zaka zokwana. Asapite.

Wanu,
Fraser

Lizulu
21 Seputembala 1986

Mwana wanga Fraser,

Ndine bambo wako ndikulemba ndekha. Moni kwa iwe, kwa apongozi anga ndi adzukulu. Ine ndili bwino mwa chifundo cha Ambuye.

Kiyi ndalandira. Ndamanga pa chingwe, ali m'khosi. Chithunzi ndaonetsa anthu onse kutchalitchi. Wachita chinthu chachikulu, mwana wanga, chimene ine bambo wako ndinalephera.

Ndifuna kudziwa zinthu zitatu. Khomo langa lapenya kuti, kotulukira dzuwa kapena kolowera? Chimanga chimamera pa dothi limenelo? Ngati chimamera ndibweretse mbewu ya amayi ako. Chachitatu, manda a Akhristu alipo pafupi?

Za pasipoti ndinapita ku boma, akuti ndidikire.

Bambo wako,
Reuben Ngozo

Donholm, Nairobi
3 Okutobala 1986

Achemwali,

Moni. Ndalemba mofulumira. Kwabuka kankhani pang'ono ku Mombasa, ndikupitako mawa kukakonza. Si kanthu kodetsa nkhawa. Koma ababa adikire kaye, asachite chilichonse mpaka nditalembanso. Za tsiku lowasudzula, ngati n'kotheka alisunthe.

Fraser

Lizulu
14 Okutobala 1986

Fraser,

Ndikhulupirira muli bwino. Chiyambire kalata ya chithunzi ija sitinamve kanthu kwa iwe, ndiye ndikuganiza kuti uli pa ntchito yokonza chipinda. Konza msanga, chifukwa kuno zatha.

Loweruka anawasudzula ababa. Anthu anadzaza pabwalo. Amalume analankhula bwino, sindiwanamizira. Anati, "A Ngozo, takumasulani monga mwa mwambo. Koma mwakalambira pano, ana anu ndi athu. Mukafuna kukhala, ingonenani pano pamaso pa anthu kuti mukupempha, nyumba ndi iyo."

Fraser, mawu amodzi okha. Ndinawayang'ana ababa, ndinawapempha ndi maso. Iwo anaimirira, chipewa chili kumutu, sanavule. Anatulutsa kiyi uja m'khosi n'kumukweza m'mwamba.

Anati, "A Davide, ndapempha zaka makumi anayi ndi zisanu. Ndinapempha pomanga, ndinapempha podzala mango, ndinapempha ngakhale pokumba chimbudzi. Lero sindipempha. Mwana wanga wandigulira malo kunyanja yamchere. Malata ndi anga, dothi ndi lanu. Ndipo ndikadzagonanso pamudzi pano, mudzanditche galu."

Amayi aang'ono a Emmie anayamba kulira. Amalume anangoti, "Mwamva nonse," n'kunyamuka.

Lolemba ababa anakwera padenga okha, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, ndi hamala. Anazula msomali umodziumodzi, kuwongola, kuika m'chitini. Amuna anga anafuna kuthandiza, anawabweza. Pofika madzulo nyumba imene tinabadwiramo inali yasa! kukamwa kuloza kumwamba.

Tsopano akugona m'kachipinda kuseri kwa chigayo cha a Reinford kumsika, iwo ndi malata awo. Akuti agulitsa tsiku limene pasipoti idzatuluke. Ndinakwiya nawo, koma ndisaname, pamene anakweza kiyi uja mtima wanga unanyada. Tumiza tsiku loti anyamuke. Mitambo yayamba kusonkhana.

Lizzie

Lizulu
2 Novembala 1986

Fraser,

Kalata yako ya pa 3 Okutobala yafika dzana, itatsegulidwa n'kumatidwanso. Yayenda masabata anayi. Ukuti adikire? Asunthe tsiku? Mwana iwe, werenga kalata yanga ija!

Kankhani kanji? Iwe ukati kankhani ine ndimadziwa kuti ndi chinkhani, unayamba uli mwana, utathyola mwendo wa mbuzi ya eni unati yapunthwa pang'ono. Ababa sindinawauze. Tsiku lililonse amavala jekete n'kupita ku positi ofesi. Mvula yagwa kawiri, ndipo kachipinda kaja kamadontha, munthu ali ndi malata ake ataunjika pambali.

Lemba zoona.

Lizzie

Donholm, Nairobi
18 Januwale 1987

Alamu,

Ndine Deliwe. Moni kwa inu, kwa bambo a kunyumba ndi ana. Ndikulemba bambo a ana asakudziwa. Makalata anu atatu ali m'thumba la jekete lawo, awerengedwa mpaka kung'ambika m'mopinda. Amayamba kuyankha, n'kung'amba. Ine ndatopa kusesa mapepala, ndiye ndikuuzani ndine.

Nyumba kulibe, alamu.

Mzee uja anamwalira mu Seputembala. Sanali mfumu ayi, anali mwini malo. Dothi lonse la dera lija linali lake, ndipo kangachepe kamene tinkapereka mwezi ndi mwezi kanali lendi ya pansi. Ku Mombasa nyumba zambiri ndi zotero, munthu umagula zipupa ndi denga, pansi pali mwini wake. Akuti ngakhale mwana wa sukulu amadziwa. Oyandikana nafe ankayesa kuti ifenso tikudziwa, poti tinkapereka mosachedwa, mwinanso kuperekeratu. Amene anatigulitsa uja anali atamva kuti mzee akudwala.

Ana a mzeeyo agulitsa malo onse kwa anthu ofuna kumanga nyumba zosanja. Anatipatsa miyezi itatu. Bambo a ana anapita kwa loya kuno ku Nairobi ndi pepala lija. Loyayo anawerenga, n'kuvula magalasi, n'kufunsa kuti, "Bwana, kwanu kulibe amene anakuuzani?" Anapitanso kwa mwana wamkulu wa mzee. Ine ndinali pomwepo. Anagwada, alamu, mlongo wanu anagwada pamchenga atavala suti. Munthuyo sanali wankhanza, anawadzutsa n'kunena kuti, "Pole sana, pepani kwambiri. Malata, zitseko ndi mawindo ndi zanu, tengani. Pansipa ndi pathu."

Sabata ya Khirisimasi anakwera padenga n'kuchotsa malata okha. Kalata yanu yonena za ababa inali m'thumba. Atatsika anasanza.

Malatawo anabwera pa lole ya mnzawo, ali pakhonde la fulati yathu, mphepo ikawomba amalira. Ana akudutsa cham'mbali. Bambo awo akupita kuntchito, akubwera, koma sakulankhula ndi munthu. Ine ndinawachenjeza za madzi amchere, koma za dothi sindinaganizeko, inenso ndinkayesa ndi za amfumu. Ndine amene ndinasankha nkhuku ija pamsika.

Chonde musawatukwane kwambiri. Koma alembereni kuti ababa ayenera kumva kuchokera kwa iwo.

Mlamu wanu,
Deliwe

Lizulu
10 Febuluwale 1987

Fraser,

Ndamva zonse, usamukalipire mkazi wako, ndiye yekha wachita zaumunthu. Sindikutukwana, mphamvu zake ndilibe. Koma ine sindikawauza ababa. Kiyi unatumiza ndiwe. Tenga cholembera.

Lizzie

Donholm, Nairobi
1 Malichi 1987

Ababa,

Moni. Ndine Fraser. Munandifunsa mafunso atatu, sindinayankhe. Khomo lanu linapenya kotulukira dzuwa. Chimanga chikanamera, ndinayesa mapesi asanu kuseri. Manda analipo pafupi.

Koma nyumbayo aigwetsa, ababa. Ndinagula nyumba pa dothi la mwini osadziwa. Ndinaona munthu wokalamba akundionetsa malire ndi ndodo, ndinayesa ndi mfumu ngati kwathu, sindinafunse. Achemwali anandiuza kuti ndifunse, ine ndinali wotanganidwa ndi kunyada. Ndinakuletsani kupempha kwa amalume, ndipo mwataya nyumba yanu chifukwa cha mawu anga. Ndilibe pobisala. Ndikhululukireni.

Pasipoti ikatuluka bwerani kuno ku Donholm. Anyamata adzagona pabalaza. Ntchito ikutha mu Juni ndipo sindikudziwa za kutsogolo, koma pamene ndidzagone inunso mudzagona pomwepo. Kapena mundilole ndilembere amalume. Ndidzapempha ine, ndidzanena kuti wolakwa ndine, inu simudzatsegula pakamwa.

Mwana wanu,
Fraser

Lizulu
29 Malichi 1987

Mwana wanga,

Kalata yako ndawerenga ndekha, sindinapatse munthu. Ndakhululuka. Sunandinamize. Inenso ndili mnyamata ndinaona mkazi wabwino ndi malo abwino, ndinayamba kuumba njerwa osafunsa kuti pansipa mpa yani. Watengera ine.

A Davide usawalembere. Anabwera okha kuno kuchigayo mwezi watha, anati ndibwerere, za galu zija anthu adzaiwala. Ndinawathokoza. Koma anthu akaiwala ine sindidzaiwala, ndinalankhula chipewa chili kumutu.

Pasipoti andikaniza. Akuti mapepala akuonetsa kuti ndinabadwira ku Mozambiki, ndikapemphe kwathu. Sanalakwe, anena zoona.

Tsono ndaganiza. Ndinawoloka msewu Lachinayi kukaona. Ndi ulendo wa maola awiri. Mudzi kulibe, ndi phulusa ndi udzu, koma mtengo wa mango wa bambo anga ulipo, ndi manda awo ndawapeza. Pamenepo palibe amene anandionetsa malire ndi ndodo, ndinabadwirapo. Ndapangana ndi mwini ngolo kuti andinyamulire malata. Mitengo ya denga ndidula komweko.

Lizzie akulira, akuti anthu onse akuwoloka kubwera kuno, ine ndekha ndikupita uko. Ndamuuza kuti a mfuti akufuna anyamata ndi ng'ombe, nkhalamba aitani? Mbewu ya amayi ako ndatenga.

Malata ako usawasiye pamvula ataunjikana, amachita dzimbiri pakati. Uziwaimika.

Bambo wako,
Reuben Ngozo

Lizulu
24 Meyi 1987

Fraser,

Moni sindipereka, ukhale pansi.

Ababa anamanga. Kanyumba ka chipinda chimodzi, zipupa za mitengo ndi matope, koma denga la malata onse aja. Ndinapitako kawiri kukawasiyira ufa. Ulendo wachiwiri ndinawapeza atakhala pakhomo, akusema mpini, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Anali atanenepako. Ndinawauza kuti, "Ababa, dengali likuwala kwambiri, likuonekera kuphiri, pakanipo matope." Anaseka. Anati, "Liwale, aone kuti pano pali mwini."

Lachitatu lapitali mayi wina wothawa anafika pamsika n'kunena kuti a mfuti anadutsa kumeneko. Lachinayi m'mawa tinawoloka, ine, amuna anga ndi amalume a Davide. Amalume sindinawaitane, ndinangowaona ali kumbuyo kwathu ndi khasu paphewa.

Tinawapeza pakhomo atatisiya kale, hamala ili m'manja. Zikuoneka kuti anakana. Sindilemba zambiri, unali ndi bambo wamakani, ukudziwa.

Amalume anati tiwanyamule, tikawaike pafupi ndi amayi. Ine ndinakana. Ndinati ananena okha kuti sadzagonanso pamudzi paja. Amalume anavula malaya n'kuyamba kukumba pansi pa mango, pambali pa agogo. Tinafulumira chifukwa mfuti zinkamveka kutsidya la dambo. Panalibe m'busa, ndinapemphera ine.

Kiyi wako anali m'khosi. Sindinamuchotse.

Usavutike kutumiza kanthu, ndipo usayese kubwera. Malata anatenga onse a mfuti aja, ndi chitini cha misomali chomwe. Dothi anawasiyira, tawaika momwemo.

Mlongo wako,
Lizzie